Usipa m'Phala la Amayi

1. Chingwe pabwalo

Pamudzi pa Shamsa, kufupi ndi nyanja yaing'ono ya Chia, nsomba sinali nkhani yoti munthu n'kudabwa nayo. Ukatuluka m'nyumba unkalandiridwa ndi fungo la usipa woyanikidwa pamathandala, ndipo amphaka a pamudzipo ankachita kusankha. Koma pakati pa nsomba zonsezo panali mayi mmodzi amene analetsedwa kulawa ngakhale kamutu ka usipa. Mayiyo anali a Asiyatu, amayi ake a Shamsa.

Chinali chaka chotsatira chisankho cha matipate. Sukulu inali itakhala yaulere, ana akuphunzirira mpaka pansi pa mitengo. Anzake a Shamsa ankadutsa m'mawa uliwonse kupita ku Sitandade 7. Iye ankangowayang'ana, ndowa ili pamutu, mng'ono wake Madina ali kumsana.

Mavuto anayamba pamene bambo ake, a Yahaya, anamira panyanja m'nyengo ya mwera. Misozi isanaume n'komwe, abale a malemuwo anabwera kudzatenga ukonde. A Asiyatu analowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala pakhomo osayendayenda. Chinangwa chinali chitapserera ndi chilala, moti kondowole, nsima yachinangwa ija, anasowa. Banja linkakhalira chimanga cholandira, tsiku ndi tsiku chimanga chokhachokha.

Ndiwo zikapezeka, a Asiyatu ankakankhira mbale kwa ana awo. "Idyani inu, ine ndakhuta," ankatero. Kukhuta kwake kuti? Limenelo linali bodza lija amanama amayi onse.

Atatuluka eda anakagwira ganyu m'minda ya mpunga, dzuwa likuswa mtengo. Posakhalitsa khungu lawo linayamba kuda ndi kung'aluka kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi pakhosi mozungulira ngati avala mkanda. Kenako kunabwera kutsegula m'mimba kosamva mankhwala. Lilime linafiira ngati nyama yaiwisi. Pamapeto pake matenda anakwera kumutu.

Anayamba ndi kuiwala. Ankatereka mphika wopanda madzi. Ankaima pamkeka wa swala, pemphero la Chisilamu, n'kusokonezeka, osadziwa pamene alekezera. Kenako anayamba kucheza ndi anthu osaoneka. Tsiku lina analowa m'nyanja ndi zovala zomwe, akuti amuna awo akuwaitana. Amene anawavuula anali mlongo wawo, a Kalilu, mwini mbumba, madzi atafika kale m'khosi.

Pamudzi panabuka manong'onong'o. Ena ankati ndi matenda a masiku anowa. Ena ankati mwina eda sanaisunge bwino. Azimayi amene kale ankadzapempha moto anayamba kulambalala nyumbayo. Anthufe pakamwa ndiye timatha, koma wobwera ndi mbale ya ndiwo panalibe.

A Kalilu anapalasa bwato kukaombeza kwa sing'anga wa kutsidya kwa Chia, ndipo anabwerako ndi malamulo. Akuti chiwanda cha m'madzi chimene chinatenga a Yahaya ndicho chamuveka mkaziyo mkanda wake. Choncho chilichonse chochokera m'madzi asadye. Mtedza asadye, umayabwitsa zilonda. Ndipo tsiku lililonse azikhala padzuwa kuti zilondazo ziume.

Ndiye a Asiyatu anamangidwa chingwe kumwendo, chingwecho n'kuchimangirira kumzati wa thandala lakale la amuna awo, pamtetete. Munthu wamkulu, mayi wa ana, kumangidwa ngati mbuzi! Chakudya chawo chinali phala la ufa woyera lothira mchere, basi.

M'mawa wina Shamsa anagwada ndi mbale. "Amayi, phala."

A Asiyatu anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Ndine Shamsa, amayi. Mwana wanu."

"Bodza. Shamsa wanga ngwamng'ono. Wapita naye kuti? Bweza mwana wanga!"

Zinamupweteka Shamsa kuposa kumenyedwa. Anasiya mbale pansi n'kukalirira kuseri kwa khitchini.

2. Kusikelo

Tsiku lomwelo kunali sikelo. Galimoto ya chipatala inkabwera kamodzi pamwezi n'kuima pasukulu, ndipo Shamsa anapita kukakweza Madina. Namwino wake anali Mayi Nester, mayi wa imvi, wapakamwa pakuthwa, amene azimayi ankamuopa koma osamuda.

Atamupachika Madina pasikelo, namwinoyo anakwinya nkhope. "Mwanayu watsika. Amayi ake ali kuti? Zotumiza ana anzake ine sindifuna."

"Akudwala," anatero Shamsa. "Ndimati mundigawireko jivi, mankhwala abuluu aja, ndikawapake pazilonda."

"Zilondazo zili pati?"

Shamsa analoza kuseri kwa manja ake, pamapazi, kenako anazunguliza chala pakhosi. Mayi Nester anasiya zimene ankachita.

"Pamene pamafika dzuwa pokhapokha? M'kati mwa zovala mulibe?"

"Mulibe."

"M'mimba?"

"Amatsegula."

"Nanga mutu ukuyenda bwino?"

Shamsa anawerama. Zimenezo anauzidwa kuti si zokambira anthu akunja. Koma misozi inamuulula, ndipo anafotokoza zonse, mpaka za chingwe zomwe. Mayi Nester anamukokera kuseri kwa galimoto.

"Mwana iwe, tchera khutu, chifukwa galimotoyi sidikira munthu," anatero namwinoyo. "Matendawa ndinawaona kumakampu a anthu othawa nkhondo a ku Mozambique, kumene anthu ankadya chimanga chokhachokha. Dzina lake ndi pelagira. Si chiwanda, si ufiti, ndiponso sapatsirana. M'zakudya muli vitamini wina wotchedwa nayasini. Amafunika pang'ono chabe, koma popanda iye thupi silingasandutse chakudya kukhala mphamvu. Tsono ubongo ndiye umadya mphamvu zambiri, usana ndi usiku, osapuma. Nayasini akasowa, khungu limapsa ndi dzuwa, m'mimba mumasokonekera, kenako ubongo umayamba kuzima ngati koloboyi wotha parafini. Munthu amaiwala, amaona zinthu zimene palibe, amasiya kudziwa ana ake omwe. Mukamulekerera amafa. Ndikunena kufa kwenikweni, kopita kumanda.

"M'chimanga nayasini alimo, koma womangika, thupi silitha kumutenga bwino. Amene thupi limamutenga ali mu nsomba, mu mtedza, mu nyama, mu nyemba. Ndiye inu mwatenga munthu wodwala chifukwa chosowa nsomba n'kumuletsa nsomba! Mwatenga khungu lopsa ndi dzuwa n'kuliyanika padzuwa! Kalanga ine, mudzi wonunkha usipa chonchi?"

Anafufuza m'bokosi lake n'kutulutsa timapiritsi tachikasu, natikulunga m'kapepala.

"Awa ndi a mavitamini, ndipo ndi okhawa amene ndatsala nawo. Sakwanira. Uziwapatsa m'mawa ndi madzulo, uziwadyetsa usipa ndi nsinjiro, ndipo uwachotse padzuwa. Koma chachikulu n'chakuti akuluakulu ako abwere nawo kuchipatala ku boma, akandipeze kumeneko. Ubongo ukachedwa kuthandizidwa, nthawi zina subwerera wonse. Ukawauze akuluakulu ako mmene ndakuuziramu. Usakachite mobisa. Wamva?"

"Ndamva," anatero Shamsa.

3. Mawu a amalume

A Kalilu anali kugombe, akusoka ukonde pamthunzi. Sanali munthu woipa, zimenezo tisawanamizire. Chimanga chimene anawo ankadya ndi iwo ankakachisenza pamutu. Chingwe chija anamanga akulira.

Shamsa anagwada chapatali pang'ono n'kufotokoza zimene namwino ananena. Za mapiritsi zokha sanatchule. Anali atawamangirira pansonga ya chitenje chake.

A Kalilu sanamudule mawu. Atatha, anaika ukonde pansi.

"Wamaliza? Tsopano undimvere ine. Ana a matipate inu mwayamba kuyesa kuti chilichonse n'chovotera. Matenda savotera. Namwino wakoyo analipo tsiku limene ndinawavuula amayi ako? Anamva mmene ankaitanira dzina la bambo ako, madzi ali m'khosi? Ine ndinamva ndi makutu angawa. Mlongo wanga uja ndinayamwa naye bere limodzi. Ukuganiza kuti chingwe chija chimandisangalatsa?

"Nsomba imene ukufuna kuwadyetsayo yachokera kuti? Si m'madzi momwe munatsalira bambo ako, amene mtembo wawo sitinauone mpaka lero? Ukawadyetsa nsomba, ukudyetsa chimene chili m'thupi mwawomo. Chikapeza mphamvu chidzadula chingwe, ndipo ulendo uno mwina sindidzakhalapo kuti ndiwavuule. Kuchipatalako ndikukudziwa ine. Munthu wolankhula yekha samugoneka pabedi. Amamukweza galimoto kupita naye kwa amisala, kutali, kumene ife sitingakamuone. Wina wa ku Nkhunga anapita choncho, mpaka pano abale ake sadziwa pamene pali manda ake.

"Ndiye ndikukuuza pamaso pa Mulungu. Ukaphwanya lamuloli, amayi ako n'kufa, imfa imeneyo idzakhala pamutu pako. Udzakula nayo, udzakwatiwa nayo, ndipo Madina akadzafunsa chimene chinapha amayi ake, anthu adzaloza iwe. Nyamuka, kaphike."

Shamsa ananyamuka n'kulunjika kunyumba. Akuluakulu awiri anali atamuuza za imfa tsiku limodzi, ndipo aliyense ankati njira ya mnzakeyo ndiye yakupha. Mwana wa msinkhu wake akanatani, abale?

4. Mumtondo

Atafika kunyumba anapeza amayi ake atagona chammbali padzuwa, ntchentche zitadzaza pakhosi. Milomo inali itang'aluka. Phala la m'mawa lija linali momwemo m'mbale, nkhuku zikujompha.

Shamsa anaima n'kuyang'anitsitsa. Lamulo la sing'anga anali atalitsata osaphonya ngakhale tsiku limodzi, koma amayi ake ankangotherabe. Chimene anachiona ndi maso akecho ndiye chinamusankhira njira.

Anatenga usipa wa ndiwo zamadzulo, anauwamba pang'ono, n'kuusinja mumtondo mpaka unasanduka ufa. Mtedza anakapempha kwa mayi wina woyandikana nawo, akuti ngwa phala la Madina. Piritsi analiphwanya ndi supuni. Zonsezo anazitakasira m'phala.

"Bismillah," anatero chapansipansi, n'kuwayandikizira supuni.

A Asiyatu ananunkhiza. Kenako anatsegula pakamwa ngati mwana. Anamwa mbale yonse, lilime likuwawa chonchobe, mpaka kunyambita supuni. Shamsa anakhala pambali akudikira kuti chingwe chiduke. Sichinaduke. Amayi ake anangogona tulo.

Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yake. A Kalilu akapita kugombe, iye ankazika timitengo n'kuyala mkeka pamwamba kuti pakhale mthunzi. Akamva kutsokomola kwawo panjira, ankaugwetsa msangamsanga. Mbale ankaikwecha ndi phulusa kuti fungo lisamveke. Ndiwo zake sankadya, zonse zinkapita mumtondo.

Tsiku lina a Kalilu anatulukira mosayembekezereka, mtondo usanatsukidwe. Ananunkhiza m'mwamba. "Fungo la nsombali likuchokera kuti?"

"Ndimasinjira Madina. Kusikelo anati watsika," anatero Shamsa, maso ali pansi.

"Wachita bwino. Koma mbale zisasakanikirane." Anamusisita pamutu n'kumapita.

Kusisitako kunamuwawa Shamsa. Mawu a namwino akuti asachite mobisa ankawakumbuka ndithu, koma mantha anamukulira. Ankati anena mawa. Kukacha, ankatinso mawa.

Patapita masiku m'mimba munaima. Kucheza ndi anthu osaoneka kunachepa. Zilonda za pakhosi zinasiya kuchucha. Ndipo m'mawa wina, Shamsa akuwapukuta kumaso, a Asiyatu anamugwira dzanja.

"Shamsa," anatero, mawu awo enieni akale aja. "Wawonda bwanji mwana wanga? Kusukulu sukupita?" Anayang'ana kumwendo kwawo. "Nanga chingwechi n'cha chiyani?"

Shamsa anagwera pamiyendo pawo n'kulira mokweza, kulira kwa chimwemwe, osasamala kuti wina amva. Ndipo wina anamvadi. A Kalilu anali ataima pakhomo la mpanda.

5. Kugombe la Chia

"Alhamdulillah!" anafuula a Kalilu, akuthamangira mlongo wawo. "Asiyatu, ukundidziwa ine?"

"Achimwene, mwayamba liti kufunsa zopanda mutu?" anayankha a Asiyatu.

A Kalilu anaseka misozi ikutsika. Anamasula chingwe ndi manja awo, kenako anazungulira mudzi wonse akulengeza. "Mwaona? Lamulo lagwira ntchito! Tikanamvera za anamwino bwenzi pano tili pamaliro."

Madzulo ake anamuitana Shamsa n'kumuuza zotsatira. Sing'anga anali atanena kuti wodwala akangoyamba kuzindikira anthu, apite naye kutsidya akamalize mankhwala. Kumeneko akakhala mumpanda wa sing'angayo mpaka mvula itagwa, osaonana ndi abale, osalandira chakudya cha kunyumba. Chakudya cha kumpandako aliyense ankachidziwa. Linali phala loyera la mchere lomwe lija.

Tsoka ilo! Ntchito inagwiridwa ndi usipa, koma chifukwa cha kubisa kwa Shamsa ulemu wonse unapita kwa sing'anga.

M'mawa mwake anthu anaperekeza a Asiyatu kugombe la Chia. Ankayenda ndi miyendo yawo, pang'onopang'ono, atatsamira mlongo wawo. Azimayi omwe aja ankalambalala nyumba tsopano ankayamikira mphamvu ya mankhwala a kutsidya. Shamsa ankatsatira pambuyo, Madina ali kumsana. Mapiritsi anali atatha dzulo lake. Ataona amayi ake akukhazikidwa m'bwato, anadziwa kuti palibenso mawa lina.

"Amalume!"

Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. Anthu onse anatembenuka.

"Si sing'anga amene wawachiza. Ndine ndakhala ndikuwadyetsa usipa. Ndi mtedza, ndi mapiritsi a namwino. Tsiku lililonse. Mukapita nawo uko akayambiranso. Chonde amalume, tipite nawo kuchipatala."

Mayi wina anagwira pakamwa.

A Kalilu sanamumenye. Bola akanamumenya. Nkhope yawo inagwidwa ndi mantha enieni, ndipo anayang'ana mlongo wawo ngati akuona mlendo.

"N'chifukwa chake," anatero motsitsa mawu. "Chiwanda chija sichinachoke ayi. Chakhuta, ndiye changokhala chete. Mwana iwe, wakhala ukuchiweta m'thupi mwa amayi ako!" Anatembenukira kwa mnyamata wopalasa. "Kankha bwato. Tachedwa kale."

"Amalume, mundimvere! Funsani amayi, akuuzani okha!"

"Ndikumvere iwe? Masiku onsewa umandigwadira uku ukundinamiza, ine ndikukusisita pamutu. Lero ndikukhulupirire pati? Usaponde kutsidya. Ndikakakuonako, iwe si mbumba yanganso."

Shamsa analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kugwira bwato ndi manja awiri. Azimayi anamukoka, akukuwa kuti agwetsa mwana. Zala zake zinapulumuka, bwato n'kunyamuka.

A Asiyatu anatembenuka. Maso awo anali a munthu wodziwa bwino chimene chikuchitika, ndipo chimenecho ndiye chinali chowawa kuposa zonse.

"Achimwene, ana angawa atsala ndi yani?" anafunsa. Kenako anakweza mawu. "Shamsa! Usalire, mwana wanga. Madina uzimudyetsa, wamva? Ndibwera."

Bwato linakhota n'kulowa kuseri kwa mabango.

Anthu anayamba kubalalika, ena akupukusa mitu, ena akumuloza. Shamsa sanabwerere kunyumba. Anamangitsa chitenje cha Madina n'kulunjika kumsewu waukulu wopita ku boma, zovala zikudontha madzi. Kubomako anali asanapiteko yekha chibadwire, ndipo sankadziwa ngati Mayi Nester akawapeza. Chimene ankadziwa n'chakuti kutsidya kuja phala loyera liyamba lero lomwe, ndipo amayi ake ayambanso kumuiwala.

Galimoto yoyamba inadutsa osaima. Yachiwiri, anthu ake anangomuyang'ana. Atamva lole ikubwera kuchokera ku Salima, Shamsa anachoka m'mbali n'kukaima pakati penipeni pa msewu, manja onse ali m'mwamba, Madina akulira kumsana.

Woyendetsa analiza hutala. Analizanso kachiwiri, motalika.

Shamsa sanasunthe.